MAPESI OKHA SAKWANIRA: KADYETSEDWE KA NKHOSA M'CHILIMWE

Chaka chilichonse, pamene tikuyendera nazale za fodya m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, timaonanso ziweto zanu. Kuyambira kuno ku Mpingu mpaka ku Namitete, Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, dandaulo la alimi oweta nkhosa limakhala limodzimodzi. Amati: "Alangizi, nkhosa zanga zikudya tsiku lonse m'mapesi, mimba zili tololo, koma zikungoonda. Kodi walowa matenda anji m'khola mwanga?"

Nthawi zina amakhaladi matenda. Koma kawirikawiri imakhala njala. Nkhosa ikhoza kufa ndi njala mimba ili yodzaza. Nkhani ino ikufotokoza chifukwa chake, ndiponso zimene inu mungachite ndi zinthu zimene muli nazo kale pakhomo panu.

Chimene mumataya nkhosa zikaonda

Nkhosa ndi banki ya mlimi. Ndalama za fodya, mtedza kapena soya zimabwera kamodzi pachaka, ndipo pofika Disembala ndi Januwale zimakhala zitatha. Nthawi imeneyo ndi imene mumafuna ndalama za feteleza wobereketsa, za aganyu ndi za sukulu. Mukatenga nkhosa yoonda kupita nayo ku msika wa Msundwe kapena wa Nsaru, wogula ndiye amatchula mtengo, inu n'kungovomera.

Kutaya kwina sikuoneka msanga. Nkhosa yaikazi yoonda imachedwa kutenga bere. Ikatenga, imabereka mwana wochepa ndi wofooka, mkaka umakhala wochepa, ndipo mwanayo amafa m'masiku oyamba kapena amakula monyentchera. Mvula yoyamba ikagwa, nkhosa zofooka ndizo zimayamba kugonja ku njoka za m'mimba. Choncho miyezi inayi ya njala ikhoza kukulandani phindu la chaka chathunthu.

Zimene zimachitika m'mimba mwa nkhosa

Nkhosa, monga ng'ombe ndi mbuzi, ndi nyama yobzikula. Chifu chake chili ndi zigawo zinayi. M'chigawo choyamba, chimene ndi chachikulu koposa, mumakhala tizilombo tambirimbiri tosaoneka ndi maso. Tizilombo timeneti si ta matenda ayi. Ndi antchito a nkhosa. Ndito timene timaphwanya udzu ndi mapesi kuti zisanduke chakudya. Popanda ito nkhosa singapeze kanthu m'phesi.

Antchito amenewa nawonso amafuna kudya. Kuti achulukane ndi kugwira ntchito bwino amafuna chakudya chomanga thupi, chimene a sukulu amati mapuloteni. Akatswiri a ziweto anapeza kuti pa magawo 100 a chakudya chouma chimene nkhosa yadya, magawo osachepera 7 ayenera kukhala omanga thupi. Tsono mapesi ouma a chimanga amakhala ndi magawo 3 mpaka 5 okha. Udzu wouma wa m'tchire m'mwezi wa Seputembala nawonso ndi chimodzimodzi, mwinanso kucheperapo.

Chotsatira chake ndi ichi: tizilombo tija timachepa, mapesi amakhalitsa m'chifu osagayika, ndipo nkhosa imamva kukhuta pamene thupi silinalandire kanthu. Imalephera kudya zambiri chifukwa malo mulibe. Pamenepo imayamba kudya thupi lake lomwe. Mafuta a kumchira ndiwo amayamba kusungunuka, kenaka mnofu wa pamsana.

Inu nomwe mukudziwa kuti nsima yopanda ndiwo sitsika. Munthu amadya nthongo ziwiri n'kusamba m'manja. Koma pakakhala ndiwo, ngakhale zochepa, mbale yonse imatha. Mapesi ndiyo nsima ya nkhosa. Ntchito yanu ndi kuipezera ndiwo. Mukaipatsa chakudya chomanga thupi pang'ono chabe, imadya mapesi ambiri kuposa kale ndipo imawagaya bwino.

Nzeru imeneyi si yachilendo kuno kwathu. Ulimi wonenepetsa ng'ombe m'khola unayamba m'Malawi muno m'chaka cha 1957, ndipo unakula kwambiri m'dera lino pamene chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme chinayamba m'chaka cha 1968. Makolo athu ankanenepetsa ng'ombe zofula ndi zinthu zitatu: mapesi, masangwi a mtedza ndi madeya. Zinthu zomwezo zikhoza kusamala nkhosa zanu lero.

Gulu loyamba: zakudya zomanga thupi

*Masangwi a mtedza.* Ichi ndicho chuma chachikulu cha dera lathu, pakuti mtedza timalima pafupifupi pakhomo paliponse, kuyambira Chalimbana wa makolo mpaka CG7 amene anatulutsidwa ku Chitedze m'chaka cha 1990. Masangwi osamalidwa bwino amakhala ndi magawo 10 mpaka 15 omanga thupi, kutanthauza kuwirikiza katatu mapesi. Koma dziwani kuti ubwino wake uli m'masamba. Masangwi amene akhala padzuwa mwezi wathunthu, masamba onse n'kuyoyoka, atsala mitengo yokha. Masangwi a nyemba, khobwe ndi nseula nawonso ndi abwino. A soya ndi ocheperapo mphamvu chifukwa soya amayoyola masamba asanakololedwe.

*Masamba a mitengo.* Lukina, gilisidiya, jerejere ndi nandolo zili ndi masamba okhala ndi magawo oposa 20 omanga thupi. Dulani nthambi, ziyanikeni pamthunzi, ndipo masamba akauma muwakunthe ndi kuwasunga m'matumba. Gilisidiya wamuwisi ali ndi fungo limene nkhosa zimayamba zalikana. Mukamufotetsa tsiku limodzi zimamuzolowera. Lukina asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse cha tsiku. Akachuluka, nkhosa imathothoka ubweya, imatuluka dovu ndipo imaleka kudya.

*Zipatso za msangu.* Mtengo wa msangu umagwetsa zipatso zake zopotana m'chilimwe, nthawi imene chakudya chasowa. Ana akhoza kuzitola ndi kuzisunga. Mukazisinja pang'ono nkhosa imapindula ndi njere zake zomwe.

*Soya.* Soya ali ndi magawo pafupifupi 38 omanga thupi. Soya wosweka ndi wotsalira posankha, amene pamsika angakudulireni mtengo, ndi chakudya chabwino cha nkhosa malinga akhale wosaola. Mukazingeni pang'ono ndi kumugayitsa mokhakhala.

*Keke wa mpendadzuwa, thonje kapena soya.* Izi ndi zotsala akafinya mafuta, ndipo zimapezeka kumakina ofinyira mafuta ndi m'masitolo a zakudya za ziweto. Keke wa mpendadzuwa ndi wa thonje amakhala ndi magawo 25 kapena kuposerapo. Keke wa thonje musapatse ana a nkhosa amene sanaleke kuyamwa, chifukwa muli mankhwala achilengedwe amene chifu chawo chanthete sichingathe kuwagonjetsa.

Gulu lachiwiri: zakudya zopatsa mphamvu

*Madeya.* Madeya ndiwo chakudya chopatsa mphamvu chimene aliyense angachipeze. Alinso ndi magawo pafupifupi 10 omanga thupi. Mukakonola chimanga kuchigayo musasiye madeya anu kumeneko. Popeza chimanga amachithira madzi pokonola, madeya amabwera ndi chinyezi. Ayanikeni pamphasa mpaka aume gwa musanawaike m'thumba. Madeya osungidwa onyowa amatentha, amawawasa ndipo amachita chuku.

*Chimanga chosweka ndi misere.* Zotsalira popeta ndi posefa ndi zabwino, koma zili ndi mphamvu yoposa madeya, choncho perekani zochepa.

*Masese a mowa.* Ayanikeni aume. Ali ndi mphamvu ndiponso zomanga thupi.

*Makaka a chinangwa ndi mbatata zing'onozing'ono.* Chinangwa chikhale chouma bwino, osati chachiwisi chowawa. Kholowa ndi zingwe za mbatata za kudimba ndi ndiwo yabwino kwambiri m'chilimwe chifukwa ndi zaziwisi.

*Molasesi.* Awa ndi madzi akuda otsekemera otsala popanga shuga ku Dwangwa ndi ku Nchalo. Akapezeka, sungunulani pang'ono m'madzi ndi kuwaza pamapesi odula. Nkhosa zimadya mapesi otere mokondwa.

Choyamba n'chiti?

Pano ndi pamene alimi ambiri amalakwitsa. Akaona nkhosa yaonda amaithirira beseni lodzaza madeya kapena chimanga, poganiza kuti inenepa msanga. Zopatsa mphamvu zikachuluka mwadzidzidzi, m'chifu mumawawasa. Tizilombo togaya mapesi tija timafa, nkhosa imaleka kubzikula, imatsegula m'mimba, ndipo ina imafa usiku womwewo.

Ndinaona zimenezi kwa mlimi wina wa m'dera lino amene anafuna kunenepetsa nkhosa yamphongo mwamsanga kuti aigulitse pa Khirisimasi. Nkhosayo inali isanalawepo chimanga, koma iye anaipatsa chodzaza mbale yaikulu. M'mawa mwake anaipeza ili gone, mimba ili ndendende.

Lamulo lake ndi ili: yambani ndi zomanga thupi, kenaka onjezani zopatsa mphamvu pang'onopang'ono. Chakudya chilichonse chatsopano chiyambe ndi dzanja limodzi patsiku, ndipo muzionjezera kwa masiku 10 mpaka 14 kufikira mutafika pa muyeso wake. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Kasakanizidwe kake

Kuti mupange makilogalamu 10 a chakudya chosakaniza, tengani:

Madeya ouma, makilogalamu 7
Keke wa mpendadzuwa kapena wa thonje, makilogalamu 2 ndi magalamu 700
Laimu wa ziweto, magalamu 200
Mchere, magalamu 100

Ngati mukugwiritsa ntchito soya wokazinga m'malo mwa keke, ikani makilogalamu 2 a soya ndipo madeya akhale makilogalamu 7 ndi magalamu 700. Ngati mulibe keke kapena soya, sakanizani magawo awiri a madeya ndi gawo limodzi la masamba ouma a lukina kapena nandolo, osaiwala mchere ndi laimu.

Laimu amene tikunena ndi mwala wopera umene amagulitsa m'masitolo a zakudya za nkhuku, osati laimu wopaka nyumba. Ntchito yake ndi yaikulu. Nkhosa zamphongo, makamaka zofula, zikamadya madeya ambiri opanda laimu zimachita timiyala m'chikhodzodzo. Timiyalato timatseka njira ya mkodzo, ndipo nkhosa imabuula, imakankha koma mkodzo osatuluka. Laimu, mchere ndi madzi okwanira zimathandiza kupewa vutoli.

Ambiri a inu mulibe sikelo pakhomo. Pitani ndi chitini chanu kwa mnzanu wa sikelo kapena kwa mlangizi, muyese magalamu 100 a chosakaniza chanu, ndipo mulembe mzere pachitinipo. Kuyambira pamenepo chitinicho ndicho sikelo yanu.

Ndani adye zingati?

Si nkhosa zonse zimene zifuna chakudya chofanana. Ngati chakudya n'chochepa, musachimwaze kwa gulu lonse. Chipite kumene chikabweze phindu. Miyeso ili m'munsiyi ndi ya tsiku limodzi, ya nkhosa yaikulu yolemera pafupifupi makilogalamu 30.

1. *Nkhosa ya bere lokhwima.* Nkhosa imakhala ndi bere miyezi isanu. Mwana amakula kwambiri m'masabata 6 omaliza, ndipo nthawi yomweyo amapanikiza chifu kotero kuti mayi sangathe kudya mapesi ambiri. Ipatseni masangwi magalamu 400 mpaka 500 ndi chosakaniza magalamu 250 mpaka 300. Imeneyi ndiyo yoyamba pamzere. Nkhosa ya mapasa ikasowa chakudya nthawi imeneyi imafooka, imayenda ngati yakhungu, imagona pansi ndipo kawirikawiri sidzukanso.

2. *Nkhosa yoyamwitsa.* M'miyezi iwiri yoyamba ipatseni masangwi magalamu 500 ndi chosakaniza magalamu 300 mpaka 400. Chakudya chimene mwapatsa mayi mwapatsa mwana.

3. *Ana oleka kuyamwa.* Apatseni masangwi a masamba ambiri magalamu 200 mpaka 300 ndi chosakaniza magalamu 100 mpaka 150. Adyere paokha kuti zazikulu zisawalande.

4. *Nkhosa zonenepetsa kuti mugulitse.* Masangwi magalamu 400 ndi chosakaniza magalamu 300 mpaka 400 kwa miyezi itatu. Werengerani miyezi itatuyo chobwerera kuchokera pa tsiku limene mukufuna kugulitsa, kaya ndi pa Khirisimasi kapena pa chikondwerero cha Idi pamene abale athu achisilamu amafuna nkhosa zonenepa zopanda chilema.

5. *Nkhosa zaikazi zopanda bere ndi mphongo yosakwera.* Masangwi magalamu 300 ndi mchere wonyambita n'zokwanira. Koma masabata atatu musanakweretse, onjezani chosakaniza magalamu 150 mpaka 200 kuti zitenge bere msanga.

Amene muli ndi nkhosa za mtundu wa Dorper, zamutu wakuda zija zochokera ku South Africa, kapena ana ake osakanizidwa ndi zathu, kumbukirani kuti thupi lalikulu limafuna chakudya chambiri. Onjezani miyesoyi molingana ndi kulemera kwake. Nkhosa zathu za mchira wa mafuta zimapirira njala kuposa Dorper. Kugula mphongo ya Dorper musanakonze chakudya ndi kutaya ndalama.

Kaperekedwe ka mapesi

Dulani mapesi m'zidutswa zotalika ngati chala. Aikeni m'chodyeramo chokwera, osati pansi pamene nkhosa ziwaponda ndi kuwakodzera. Nkhosa ndi nyama yosankha. Imafuna masamba ndi makoko, ndipo phesi lolimba imalisiya. Musaikakamize kumaliza zonse. Ipatseni mapesi ochuluka, kilogalamu imodzi kapena imodzi ndi theka patsiku, kuti isankhe zofewa. Zotsalazo yalani m'khola kuti zisakanizike ndi ndowe ndi mkodzo. Amenewo ndi manyowa anu a chaka chamawa.

Chosakaniza chigaweni pawiri, m'mawa ndi madzulo. Chodyeramo chikhale chachitali kuti nkhosa zonse zidye nthawi imodzi. Apo ayi zamphamvu zidzadya mopitirira, zofooka n'kugona ndi njala.

Madzi musaiwale. Nkhosa imene ikudya zouma zokhazokha imafuna malita 3 mpaka 5 patsiku nthawi yotentha, ndipo yoyamwitsa imafuna oposa pamenepo. Nkhosa ya ludzu imaleka kudya mapesi.

Ntchito iyambe pa nthawi yokolola

M'mera mpoyamba. Chakudya cha mwezi wa Okutobala chimakonzedwa m'mwezi wa Meyi. Mukadikira mpaka nkhosa zitaonda mudzapeza masangwi atadyedwa ndi chiswe, mapesi atatenthedwa ndi anyamata osaka mbewa, ndipo madeya atakwera mtengo chifukwa oweta nkhumba ndi nkhuku nawonso akuwafuna.

Mukangothothola mtedza, mangani masangwi m'mitolo m'mawa kukadali mame kuti masamba asayoyoke, ndipo muwatute tsiku lomwelo. Mapesi atuteni mukangomaliza kukolola m'mikukwe. Zonsezi zikhale pamthunzi, pathandala lokwera kuti chiswe ndi chinyezi zisafike.

Inu alimi a fodya muli ndi mwayi umene ena alibe: chigafa. Fodya akapita ku msika chigafa chimangokhala chopanda ntchito mpaka chaka chamawa. Chimenecho ndi nkhokwe yabwino ya masangwi ndi mapesi. Koma musanaikemo kanthu sesani bwinobwino. Zinyenyeswa za fodya, mitengo yake ndi mphukira zomera pazitsa ndi poizoni kwa ziweto. Mabotolo ndi matumba a mankhwala a fodya asayandikire chakudya cha nkhosa.

Tiyeni tiwerenge pamodzi. Tinene kuti muli ndi nkhosa zazikazi zisanu, ndipo mukufuna kuzidyetsa masiku 120, kuyambira Ogasiti mpaka kumapeto kwa Novembala. Mapesi, pa kilogalamu imodzi ndi magalamu 200 nkhosa iliyonse patsiku, afunika makilogalamu 720. Masangwi, pa magalamu 400, afunika makilogalamu 240. Chosakaniza, pa magalamu 250 kwa masiku 90 a bere lokhwima ndi kuyamwitsa, chifunika makilogalamu 113, kutanthauza matumba awiri a makilogalamu 50 ndi pang'ono. Kawirikawiri munda wa chimanga umatulutsa mapesi olemera mofanana ndi chimanga chimene mwakolola kapena kuposa. Choncho mlimi wokolola matumba 20 ali ndi mapesi okwanira nkhosa zisanuzi, ena n'kutsala.

Ena mwa inu mumaphimbira minda ndi mapesi posamala nthaka, ndipo mufunsa kuti, "Nanga tikatuta mapesi nthaka idya chiyani?" Funso limeneli ndi labwino. Tengani masamba ndi kumtunda kwa phesi kumene kuli kofewa. Tsinde lolimba, limene nkhosa silifuna, lisiyeni m'munda. Kenaka bwezerani manyowa a m'khola kumunda komweko. Potero nthaka ndi nkhosa zonse zadya.

Inu amene mumalima pa minda ya maesiteti, kambiranani ndi eni malo nthawi yokolola isanafike za malo a khola ndi za kututa zotsalira m'munda, kuti pasadzakhale mkangano ziweto zikalowa mu nazale. Pa maesiteti pamene amabzala udzu wa Rhodes posinthanitsa ndi fodya kuti achepetse nyongolotsi za m'mizu, pemphani chilolezo chomweta. Udzuwu mukaumweta utangoyamba kumasula, n'kuuyanika masiku awiri kapena atatu, umaposa mapesi kutali.

Kufewetsa mapesi ndi yureya

Pali njira ina yoonjezera mphamvu ya mapesi pogwiritsa ntchito feteleza wa yureya. Sungunulani makilogalamu 4 a yureya m'malita 60 a madzi, ndiye kuti ndowa zitatu za malita 20. Wazani madziwo pa makilogalamu 100 a mapesi odula, mukuika m'dzenje loyala pulasitiki ndi kupondaponda. Tsekani kuti mpweya usalowe kapena kutuluka. Dikirani masabata atatu nthawi yotentha, kapena asanu m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi. Mapesi amafewa, amasanduka ofiirira, ndipo zomanga thupi zimawirikiza pafupifupi kawiri. Tapani a tsiku limodzi, ayaleni pamthunzi usiku wonse kuti fungo lichoke, ndipo mutsekenso dzenjelo.

Koma chenjerani. Yureya ndi poizoni ngati nkhosa yamudya yekha kapena yamwa madzi ake, ndipo amapha m'kanthawi kochepa. Musathire yureya m'madeya. Musapereke mapesi a yureya kwa ana osaleka kuyamwa kapena kwa nkhosa imene yagona ndi njala, ndipo musawaphatikize ndi soya wosakazinga. Nthawi yoyamba chitani zimenezi mlangizi ali pomwepo. Safunsa anadya phula.

Zina zoyenera kupewa

Musapatse nkhosa mtedza woola, chimanga chofumbwa chachuku kapena madeya oumbika. Chuku chimaononga chiwindi ndipo chikhoza kupolozetsa nkhosa ya bere. Chimene mwachikana kuti sichiyenera munthu chifukwa cha chuku, sichiyeneranso nkhosa.

Musapatse nkhosa chakudya chogula chopangidwira nkhumba, nkhuku kapena ng'ombe za mkaka. M'zakudya zimenezi amaonjezeramo mchere wa kopa umene nyama zinazo zimaufuna, koma kwa nkhosa umaunjikana m'chiwindi mpaka kuipha.

Nkhosa zimene mukuzinenepetsa ndi chakudya chambiri zikhoza kugwidwa ndi nthenda ya impso yofewa, imene imapha mwadzidzidzi ndipo imasankha yonenepa koposa. Nthendayi ili ndi katemera. Funsani alangizi a ziweto musanayambe kunenepetsa.

Musadyetse njoka za m'mimba

Chakudya chabwino sichithandiza nkhosa imene ili ndi njoka zambiri m'mimba. Tsegulani chikope cham'munsi cha nkhosa iliyonse. Mkati mwake muyenera kukhala mofiira. Mukakhala motuwa ngati pepala, kapena pansi pa chibwano pakatupa madzi, nkhosayo yatha magazi. Nkhosa zimene zimadya m'madambo m'chilimwe zimatenganso tizilombo ta m'chiwindi timene timafala kudzera mu nkhono za m'madzi. Itanani mlangizi wa ziweto kuti akuuzeni mankhwala oyenera ndi muyeso wake. Mwetsani mankhwala poyamba, kenaka yambani kudyetsa.

Mudziwa bwanji kuti zikuyenda?

Maso amanyenga, makamaka pa nkhosa ya ubweya wambiri. Gwiritsani ntchito dzanja. Kamodzi pa masabata awiri gwirani pamsana pa nkhosa iliyonse, kuseri kwa nthiti yomaliza. Ngati mafupa akubaya dzanja ngati mano a sowo, nkhosayo yaonda ndipo ifunika kuonjezera chakudya. Ngati mafupa akumveka koma ataphimbidwa ndi mnofu wosalala, muyeso wanu uli bwino. Ngati simukuwamva n'komwe, chepetsani chosakaniza, mukutaya ndalama. Gwiraninso mchira. Nkhosa ya thanzi imabzikula ikagona pamthunzi, ndipo ndowe zake zimakhala timibulu touma bwino.

Mvula ikagwa musaleke kudyetsa tsiku lomwelo. Msipu woyamba ndi madzi okhaokha ndipo umatsegula m'mimba. Pitirizani kupereka masangwi ndi mapesi m'mawa nkhosa zisanatuluke, kwa masabata awiri kapena atatu, mpaka udzu utakhwima.

Kumbukirani izi

1. Mapesi okha amadzaza mimba koma samanga thupi.
2. Yambani ndi zomanga thupi: masangwi, masamba a mitengo, soya kapena keke.
3. Madeya onjezani pang'onopang'ono, pamodzi ndi mchere ndi laimu.
4. Nkhosa za bere lokhwima ndi zoyamwitsa zidye poyamba.
5. Tutani ndi kusunga masangwi ndi mapesi mukangokolola, musatenthe.
6. Madzi akhalepo tsiku lililonse.
7. Chotsani njoka za m'mimba musanayambe kudyetsa.

Ngati pali pamene simunamvetse, kafunseni alangizi ku ofesi ya zaulimi ya Mpingu kapena ya dera lanu. Ndi bwinonso kukambirana nkhaniyi pa msonkhano wa kalabu yanu, kuti mugule keke ndi laimu pamodzi pa mtengo wotsika, ndi kugwirizana ndi mafumu za kuletsa moto m'minda. Tikadzabweranso kudzaona nazale zanu, tidzapempha kuona khola ndi chigafa chomwe.